Pamene Nyanja Inafika Pakhonde la Hotela

Nkhotakota si tauni imene ingadabwe ndi mlendo. Kuyambira m'zaka za m'ma 1840, pamene Salim bin Abdallah, yemwe anatchuka ndi dzina loti Jumbe, anakhazikitsa pano likulu la malonda ake a minyanga ya njovu ndi akapolo, gombe limeneli lakhala likulandira anthu ochokera kutali, ena obwera mwa kufuna kwawo, ena atamangidwa magoli m'khosi podikira kuwolotsedwa nyanja. David Livingstone anafika mu 1861 nabweranso mu 1863, ndipo mkuyu umene akuti anakhala pansi pake pokambirana ndi Jumbe umasonyezedwabe kwa aliyense wofunsa. Bishopu Chauncy Maples, amene anamira m'nyanja mu 1895, anaikidwa m'tchalitchi cha All Saints cha m'tauni yomweyi. Mu 1960, malowa adakali kutchedwa Kota Kota, chipani cha Malawi Congress chinachitira pano msonkhano wake waukulu.

Alendo a masiku ano ndi amtundu wina. Alipo ndithu obwera kudzaona njovu pafupifupi 500 zimene zinasamutsidwira m'nkhalango ya Nkhotakota kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete mu 2016 ndi 2017, koma amenewo ali ndi malo awoawo ogona, amitengo imene mlimi sangailote n'komwe. Ochuluka ndi ogula mpunga ndi nsomba, madalaivala a malole, aphunzitsi obwera kumaphunziro, alangizi ndi nthumwi za magulu a kumudzi. Onsewa amagona m'mahotela ang'onoang'ono ndi m'nyumba zogona alendo zimene mwini wake ndi munthu mmodzi kapena banja limodzi. Malo oterewa alibe likulu kwina kumene mlendo angakadandaule. Chilichonse chabwino kapena choipa chimene mlendo angapeze chimachokera kwa anthu amene wawapeza tsiku limenelo.

M'mwezi wa Meyi 2024, nthumwi zisanu za kopaletivi ina ya alimi a mtedza ndi soya ya m'boma la Kasungu zinagona mausiku atatu pa imodzi mwa mahotela amenewa, kunja pang'ono kwa tauni. Anali amayi atatu, mmodzi mwa iwo msungichuma wa gulu, pamodzi ndi wapampando ndiponso mlangizi wa zaulimi wa m'dera lawo. Chaka chimenecho ng'amba ya El Niño inali itapsereza chimanga m'madera ambiri, mwakuti m'mwezi wa Malichi boma linalengeza kuti m'maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino mwagwa tsoka. Mamembala anagwirizana zotuma anzawo kuti akaone mmene anthu a m'mbali mwa nyanja amalimira ndi kukonzera chinangwa, mbewu imene siichita mantha ndi dzuwa, ndi kukakambirana zogula mitengo yake yobzala mvula ikadzayamba. Ndalama za ulendowo zinali zosonkha. Aliyense m'gululo ankadziwa kuti ndi zidebe zingati za mtedza zimene zinagulitsidwa kuti anthu asanuwa akwere minibasi.

Hotelayi anaisankha chifukwa cha zithunzi zimene mlangizi analandira pa WhatsApp. Zinkaonetsa mchenga woyera, tizisakasa taudzu tokhalamo alendo, mitengo ya migwalangwa ndi mzere wa zipinda zopakidwa laimu zoyang'ana kunyanja. Mtengo unali wofikirika, ndipo wolankhula pafoni anatsimikiza kuti zipinda zitatu zilipo, madzi otentha alipo, kadzutsa ndi wa m'mtengo momwemo. Anapempha theka la ndalama kuti awasungire malo, ndipo msungichuma anatumiza pafoni, nalemba m'buku lake.

Zithunzizo sizinali zabodza, kungoti zinali zakale. Atatsika pa makabaza madzulo a tsiku loyamba, alendowo anapeza kuti mchenga uja kulibe. Madenga a tizisakasa tiwiri ankaoneka pakati pa madzi ngati zipewa zimene mphepo yaulutsa, ndipo mafunde a mwera, umene umayamba kukuntha nyengo imeneyi, ankamenya masitepe a khonde lenilenilo. Mzere wonse wa zipinda zam'munsi unali m'madzi ofika m'maondo, zitseko zitatupa, ndere zitamera m'makoma.

Pamenepa mwini hotela sangaimbidwe mlandu wa mvula. Mu 2024 nyanja ya Malawi inakwera kupitirira mamita 476 pamwamba pa mulingo wa nyanja yamchere, msinkhu umene unali usanaoneke kwa zaka zambiri, ndipo malo ogona alendo ku Mangochi, ku Salima, ku Nkhotakota ndi ku Nkhata Bay anamira chimodzimodzi. Madzi a m'nyanjayi ali ndi khomo limodzi lokha lotulukira, mtsinje wa Shire, ndipo pa Liwonde pali zitseko za Kamuzu Barrage, zomangidwa mu 1965, zimene zimayendetsa kuchuluka kwa madzi opita kumakina a magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Eni mahotela anafuula kuti zitsekozo zitsegulidwe kwambiri, koma madzi otuluka pamenepo amakathera m'minda ndi m'nyumba za anthu a ku Chikwawa ndi Nsanje, amene anali asanapole zilonda za namondwe Freddy wa mu 2023. Akuluakulu oyang'anira madzi anakumbutsanso kuti kumanga m'munsi mwa mulingo wa mamita 477 n'kumanga m'bwalo la nyanja. Nyanjayi inafikapo pamenepo mu 1980, kenaka inabwerera m'mbuyo, ndipo ambiri amene anamanga m'zaka za m'ma 1990, madzi ali otsika, anatsatira mchenga poganiza kuti ndi malo ouma mpaka kale. Akale anati madzi saiwala khwawa.

Mlandu wa hotelayi unali wakuti inakhala chete. Amene analandira ndalama pafoni ankadziwa kuti theka la zipinda zake lili m'madzi, ndipo sananene. Mnyamata wa pa malo olandirira alendo, yemwe ankatchedwa manijala ndipo anali mphwake wa mwini malowo, anafotokoza mosachita manyazi kuti zipinda zotsala ndi ziwiri, chifukwa chachitatu anachipereka kwa wogula mpunga wina amene analipira ndalama zonse pamanja. Amayi atatu aja anapatsidwa chipinda cha mabedi awiri ndi matiresi owonjezera oyala pansi. Wapampando, bambo wachikulire amene ana ake ndi amsinkhu wa mlangizi, anayenera kugona chipinda chimodzi ndi mlangiziyo, chinthu chimene onse awiri chinawapatsa manyazi ngakhale palibe anachitchula.

Usiku woyamba unali wautali. Magetsi anathima nthawi ya mgonero, ndipo jenereta imene inali kuseri kwa khichini sinalizidwe chifukwa inalibe mafuta. Alendo anapatsidwa kandulo imodzi pachipinda, yopanda poiika, choncho anaimata pa sosala. Masikito analipo, koma limodzi linali ndi chiboo cholowa mutu wa mwana, ndipo wogona pansi analibiretu. Udzudzu wa ku Nkhotakota sudikira kuitanidwa. Boma limeneli ndi limodzi mwa malo amene malungo amasautsa kwambiri, n'chifukwa chake ntchito yopopera mankhwala m'nyumba inayesedwa kuno mu 2007 isanafalikire kwina. Chaka cha madzi ambiri ngati chimenechi, zithaphwi zinali paliponse kuseri kwa mpanda. Mmodzi wa amayiwo anatulutsa singano ndi ulusi m'chikwama chake nasoka masikito a hotela ndi kuwala kwa foni, pamene msungichuma anadzikulunga m'chitenje kuyambira kumutu mpaka kumapazi ngati mtembo. Chitseko chinalibe mpiringidzo wogwira ntchito, ndiye anachitsekereza ndi mpando. Cha m'ma 11 koloko magetsi anayaka, ndipo pamodzi nawo panadzuka zimkuzamawu za m'bala la hotela yomweyo, zimene zinagunda mpaka tambala woyamba.

Chimene chinawapweteka koposa chinali madzi. Nyanja inali pakhomo, ikumveka usiku wonse, koma mpopi wa m'bafa unangopuma mpweya. Pampu imene inkakweza madzi m'thanki inali m'kanyumba kam'munsi kamene kanamira. Chimbudzi chamadzi sichinkatsika, pakuti dzenje lake linali litadzala ndi madzi apansi, ndipo fungo lake linkalowa pazenera mphepo ikatembenuka. Mlangizi, amene anagwira nawo ntchito yophunzitsa anthu zaukhondo panthawi ya mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023, umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, anayenda kuzungulira nyumbayo m'mawa naona kuti madzi ochokera kudzenjelo akutsetserekera kumene anyamata ankatunga madzi osamba alendo. Anauza anzake kuti asatsukire m'kamwa madzi a m'ndowa, ndipo gulu linayamba kugula madzi a m'mabotolo, ndalama imene sinali m'ndondomeko.

M'mawa mwake panabukanso nkhani ya kadzutsa. Manijala ananena kuti mtengo umene anauzidwa unali wakale, wa kwacha isanagwe, ndipo tsopano tiyi ndi buledi n'zolipira padera. N'zoona kuti mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti, ndipo shuga, mafuta ophikira ndi dizilo zinakwera mtengo motsatizana. Koma lonjezo la kadzutsa linaperekedwa sabata imodzi yokha alendowo asanafike.

Komabe amene angafunse nthumwi zisanuzi lero za ulendo wawo adzadabwa kuti zimayamba ndi kutamanda. Zimatamanda wophika. Anali bambo wokalamba, wowonda, amene anaphunzira ntchito yake m'nyumba za akuluakulu a kuminda ya nzimbe ku Dwangwa, ndipo ankaphika pa mbaula ziwiri zamakala m'khichini yodontha. Ataona nkhope za alendo ake m'mawa umenewo, anatenthetsa madzi m'chimphika chachikulu nawanyamulira yekha ndowa kuchipinda cha amayi, nagogoda ndi ulemu.

"Pepanitu amayi, mwagona movutika. Madzi awa ndatunga kumjigo, si a kunyanja ayi."

Madzulo anawaphikira mpunga wa Faya umene fungo lake linafika mpaka kumsewu, kampango wamsuzi ndi chigwada chotendera. Atamva chimene anadzera, tsiku lotsatira anawaphikira kondowole kuti alawe chimene akufuna kukalima, ndipo anaseka mpaka misozi poona wapampando akulimbana ndi nsima yonyulukayo imene imakana kuduka m'manja mwa munthu wozolowera ya chimanga. Mkazi wake, yemwe ankachapa nsalu zoyala pahotelapo, anawatengera kuseri kwa nyumba yake nawaonetsa mitsuko yonyikamo chinangwa: kusenda, kunyika masiku angapo mpaka chifewe, kutsuka, kuyanika pathandala mpaka chiume gwa, kenaka kusinja. Anawachenjeza kuti chinangwa chowawa, monga Gomani, chili ndi poizoni amene amachoka ndi kunyikako, ndipo wofupikitsa masiku chifukwa cha njala amaledzeretsa ana ake kapena kuwapha kumene. Anawauzanso chifukwa chake anthu a kunyanja amachikonda chowawacho kuposa chozizira ngati Manyokola: akuba sachizula, anyani ndi nguluwe zimachisiya. Alimi amene anakawayendera kumidzi masana anawonjeza za matenda opiringiza masamba ndi owoletsa mizu, amene amayenda ndi mitengo yobzala, nawalangiza kuti asadzagule mbewu pamsika koma m'munda umene auona ndi maso awo udakali ndi masamba.

Amatamandanso mlonda, amene usiku wachiwiri anapita kukalankhula ndi a m'bala kuti muli alendo achikulire, phokoso n'kutsika pang'ono, ndipo anabwereka masikito kunyumba kwake kuti wogona pansi apeze mtendere. Ndipo amatamanda m'bandakucha. Amayi awiri mwa atatuwo anali asanaonepo nyanja chibadwire. Anadzuka mdima usanathe, nakhala pamasitepe amene mafunde ankanyambita, kuyang'ana nyali za asodzi a usipa zikuzima imodziimodzi, dzuwa likutuluka lofiira kutsidya la ku Mozambique, mabwato akubwerera kugombe. Kutali pamadzi kunali chinthu chooneka ngati utsi wa moto wolusa, ndipo mlonda anawauza kuti ndi nkhungu, touluka tating'ono timene anthu a kunyanja amatikola ndi kutiumba kuti tikhale ndiwo. Zimenezi hotela sinazikonze ndipo sinawalipiritse.

Pocheza ndi antchito amenewa ndi pamene chithunzi chenicheni cha malowa chinaoneka. Mwini wake ndi bambo wopuma pantchito ya boma amene anamanga hotelayi ndi ndalama zake za penshoni, chipinda chimodzi chaka chino, china chaka chamawa, mofanana ndi mmene ambiri amamangira malo oterewa ku Chipata, ku Tete kapena ku Karonga. Iye amakhala ku Lilongwe ndipo amabwera pakutha pa mwezi kudzatenga zimene zapezeka. Palibe thumba lapadera lokonzera zowonongeka, palibe inshuwalansi, ndipo ngongole ya kubanki imene anatenga pomanga zipinda zam'munsi zija ikuyendabe ngakhale mukugona achule. Wophika ndi mlonda anali asanalandire malipiro athunthu kwa miyezi ingapo. Makala ophikira alendo tsiku lina wophikayo anachita kukongola m'dzina lake.

Ndipo ngongole za hotela zimatsikira kwa alimi. M'mawa wachitatu kunabwera mayi wina ndi dengu la tomato ndi mpiru pamutu, nakhala pansi pa mtengo wa mango kudikira manijala, amene atamuona anazemba kudzera kukhomo lakuseri. Mayiyo amaperekera ndiwo zamasamba pahotelapo kuchokera kudimba lake, ndipo m'kabuku kake munali masabata ambiri osalipidwa. Sangaleke kuperekera, poopa kuti akaleka ndiye kuti zakale zija zapita. Nthumwi za ku Kasungu zinamumvetsa msanga, pakuti nazonso zinaperekapo mtedza kwa wogula amene anati adzalipira Lachisanu. Anthu ambiri olankhula za chitukuko amanena kuti ntchito zokopa alendo zimapatsa mlimi msika, ndipo n'zoona, koma msika wake nthawi zina umakhala wotere: mlimi ndiye amene akukongoza hotela popanda chiwongoladzanja.

Pa zonse zimene zinavuta pamalopa, n'zosavuta kulekanitsa zimene zinaposa mphamvu za mwini wake ndi zimene zinangofuna mtima. Nyanja sangaibweze, kwacha sangaidzutse, ndipo pampu yatsopano ndi ndalama zambiri. Koma kusoka masikito kumafuna singano yokha, mpiringidzo wa chitseko ndi misomali inayi, ndipo kuuza mlendo pafoni kuti zipinda zatsala ziwiri ndi madzi ndi a m'ndowa sikudya ndalama iliyonse. Alimiwo akanauzidwa zoona, mwina akanabwerabe, pakuti kwawo nakonso amasamba a m'ndowa ndipo sanayembekezere nyumba yachifumu. Chinawawawa n'chakuti anatengedwa ngati anthu amene sangadandaule kulikonse. Lamulo limafuna kuti malo ogona alendo akhale ndi chiphaso cha boma, ndipo pakhoma la hotelayi panali chikalata china m'galasi, koma dzuwa linali litachifufutitsa mwakuti chaka chake sichinkawerengeka.

Mkangano womaliza unali wa lisiti. Kwa munthu woyenda ndi ndalama zake, lisiti ndi kapepala kotaya. Kwa msungichuma wa gulu la kumudzi ndi mbiri yake yonse, chifukwa magulu ambiri aphwasuka pa ndalama yochepa imene inasowa umboni, ndipo amene amatsala ndi dzina la wakuba ndi wosunga thumba. Manijala anati buku la malisiti anapita nalo amalume ake ku Lilongwe. Anatinso ndalama ya chipinda chachitatu sangabweze popanda chilolezo chawo, ndipo foni yawo sinkapezeka. Msungichuma anakhala pampando wa pa malo olandirira alendo, chikwama pamiyendo, nalankhula motsitsa mawu.

"Achimwene, ndalama izi si zanga. Ine pano sindichoka opanda pepala, ngakhale minibasi itisiye."

Anakhala pamenepo kwa ola lathunthu, wapampando ataima pambali pake osanena kanthu, wophika akusuzumira pakhomo la khichini. Potsiriza mnyamatayo anang'amba tsamba m'kope la sukulu, nalemba mausiku atatu, zipinda ziwiri, chakudya ndi ndalama zonse zimene analandira. Mlangizi anamuuza kuti awonjeze mzere wonena kuti hotela yatsala ndi ndalama ya chipinda chimodzi, ndipo mnyamatayo analemba kuti gulu lidzagona usiku umodzi ulere likadzabweranso. Chidindo chinapezeka m'dirowa, koma inki yake inali itauma, ndiye anachinyowetsa ndi dontho la tiyi mpaka dzina la hotela linaoneka mwa apo ndi apo. Amayi aja asananyamuke anasonkherana kandalama kochokera m'matumba mwawo napatsa wophika ndi mlonda, ndipo anagula tomato yense wa mayi wa pansi pa mango uja, kulipira pompo.

Kumudzi, pepalalo linayenda m'manja mwa mamembala onse pamsonkhano wa pansi pa mtengo, ena akuliyang'anitsa padzuwa kuti aone chidindo. Panali mafunso okhudza madzi a m'mabotolo, ndipo mlangizi anayankha. Lipoti linavomerezedwa. Mvula itayamba mu Disembala, gulu linatuma anthu awiri okha kukatenga mitengo ya chinangwa m'minda imene inasankhidwa ija, ndipo anagona kwa mmodzi wa alimi amene anawagulitsa mbewuyo, pamkeka, m'nyumba ya masikito osang'ambika. Usiku waulere uja sunagwiritsidwe ntchito. Msungichuma anaulemba kumapeto kwa buku lake, patsamba la ngongole zimene anthu akunja ali nazo kugulu, pansi pa dzina la wogula mtedza uja wa Lachisanu.